Pampu Yomaliza ya ku Shimabala

Fakitale itatichotsa ntchito, nthawi ija boma linkagulitsa makampani, ndinauza amayi kuti ndikupita ku Joni. Mu Kafue munali mutatsala salaula, zovala za kaunjika zija, ndi mapemphero basi. Mlongo wanga wamng'ono, Tisa, anandiperekeza ku basi. Iye ankataipa zilengezo za tchalitchi pa kompyuta yakale ya abusa, ndipo ndinkamuseka kuti ndi kalaliki wa Mulungu.

Ku Joni ndinkalongedza makatoni pa kampani yopanga timabokosi toyatsa ndi kuzimitsa mapampu a madzi. M'kabokosi kalikonse ankaikamo Lua, kachilankhulo ka kompyuta kakang'ono koti kamakwana pa disiketi imodzi. Umalemba mizere ingapo, kabokosi n'kumvera. Pa nkhomaliro ndinkaima kumbuyo kwa mainjiniya n'kumaba nzeru ndi maso, mtima ukundiwawa poona anthu a msinkhu wanga akulamula makina atakhala pa mpando. Kompyuta sankandilola kuigwira, choncho mizere yanga ndinkangoilemba m'kope.

Ndalama zinkathera lendi, ndipo Lamlungu lathunthu linkatha osalankhula ndi munthu. Posowa chotumiza, ndinkatumiza matama. Kalata iliyonse ndinkaidzaza ndi mizere ya Lua kuti kwathu aziti Jailosi ndi injiniya. Tsiku lina ndinaponyamonso disiketi ya Lua yomwe ndinatola pa kampanipo, podziwa kuti palibe amene angamve kanthu.

Patatha zaka zisanu ndinamva kuti famu ina ya ndiwo zamasamba ku Shimabala, kufupi ndi kwathu, yagula timabokosi tomweto ndipo ikufuna munthu wolembera timabokosito mizere. Ndinanyamuka sabata yomweyo. Mu Kafue yense angandipose ndani?

Pa geti la famuyo ndinapeza Tisa, atapanira makalata anga m'khwapa.

"Iwe ufuna chani kuno?"

"Nchito, ba Jailosi. Nenze kutaipa vonse vamene munali kutuma. Ba pasta banali kunisiila makiyi."

Ndinaseka. Ine ndadya kuzizira kwa ku Joni zaka zonsezi, iye wangophunzirira pa mpando wa tchalitchi, ndi makalata anga omwe!

Manijala anatipatsa mayeso amodzi: mapampu sikisi ayake motsatizana. Ndinayamba ine. Mapampu asanu analira, yomaliza inangoti zii. Tisa atakhala pansi, onse analira, madzi n'kufika mpaka pa bedi la kabichi lakumapeto. Ntchito anampatsa iye, ine ndili chiimire ndi jekete langa la ku Joni.

Podikira minibasi pamsewu wa ku Lusaka sindinamuyang'ane. Iye ndiye anayamba.

"Muyambila kupenda mapampu pa ziro, mwalekela pa faifi, monga mainjiniya banu mu vilankhulo vinangu. Lua iyambila pa wanu. Ndiye chifukwa yomaliza isala."

"Unaziba liti?"

"Pa kalata yachitatu. Vinali kukana pa kompyuta, nakonza."

Zaka zinayi akukonza zolakwa zanga, kwinaku akundiyankha kuti "ba injiniya"! Ndinamukalipira anthu akuona. Ndinamufunsa ngati anabisa dala kuti adzandichititse manyazi pamaso pa manijala.

Tisa anayang'ana makalata aja, kenako ine.

"Nimiziba, ba Jailosi. Nikanamiuza kuti mwalakwisa, sembe munaleka kulemba. Manje bamayi benze kungoyembekeza makalata yanu."