Tsiku Limene Tinatseka Pakamwa pa Fokolifiti

Anzanga, izi si zomva kwa munthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndikadakhala wopeka nkhani sindikadapeka yondichititsa manyazi ndekha chonchi.

Titachoka ku mafamu kumene makolo athu ochokera ku Malawi anakalambira, ndinapeza ganyu yosoka matumba a chakudya cha nkhuku m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Southerton, dera la mafakitale m'tauni. Azimayife tinkasokera m'mwamba, pa kakhonde kachitsulo, ndipo pansi pankayenda fokolifiti, galimoto ija ya mano awiri achitsulo yonyamulira matumba. Ikamabwerera m'mbuyo alamu yake inkalira kuti pii, pii, komanso inali ndi nyale yoponya kadontho ka buluu pansi, kumene ikulowera, kuti munthu aone n'kupatuka.

Kulirako kunkatitopetsa, ndisaname. Tsiku lonse pii, pii, mpaka ukakwera kombi, minibasi ija, madzulo uzikumvabe m'mutu. Tsiku lina woyendetsa wake, bambo wofatsa wa ana atatu, atatopa ndi madandaulo athu anafunsa ngati wina ali ndi kansanza. Ine ndi amene ndinang'amba chitenje changa chakale n'kumuponyera. Anakafwatika mu alamu muja n'kumata ndi tepi, ife kuomba m'manja, kapitawo naye kungoseka n'kudutsa. Ndani akadaganiza zoipa pamenepo?

Pansipo pankasesa bambo ena achikulire ochokera ku Tete, tonse tinkangowatchula kuti sekuru, kutanthauza agogo. Makutu awo anawonongeka nthawi ya nkhondo kwawoko, moti polankhula nawo unkachita kuwagwira paphewa kaye. Alamu yokha ndi imene ankaimvako chapatali, poti inali yakuthwa, koma kwenikweni ankadalira kadontho ka buluu kaja. Ndiye patapita masiku nyale nayo inapsa. Woyendetsa anakanena, kapitawo anati agula mawa, mawa lakelo linatha masabata.

Linali Lachitatu m'mawa, lole ikudikira panja, kapitawo akukalipa kuti tikuchedwa. Fokolifiti inanyamula matumba otalika kuposa mutu wa woyendetsa, ndiye ankayenda chobwerera, atatembenukira kudzanja lamanja. Sekuru anali atawerama kumanzere, pafupi ndi nsanamira, akuwola chakudya chotayika, msana atalozetsa kumene ikuchokera. Mwa anthu onse m'nyumba muja, ine ndekha ndinali pamalo oona onse awiri.

Ndinakuwa. Ndinakuwa m'Chichewa, ndinakuwa m'Chishona, koma chigayo chogayira chakudya cha nkhukucho chinkalira mbali inayo ndipo mawu anga ankangothera m'mwamba momwemo. Ndinamenya chitsulo cha khonde ndi sizasi, ndinaponya mpukutu wa ulusi, unagwera kutali. Masitepe anali kumapeto kwenikweni, ndikadathamanga bwanji? Kudumpha, ndikadafa ine. Ndinangotsala nditagwira chitsulo, ndikuona galimoto ikusendera pang'onopang'ono, mwakachetechete, sekuru akusesabe bwinobwino. Mpaka pano sindimvetsa kuti chinthu choyenda pang'onopang'ono chotero chinatikanika bwanji kuchiimitsa.

Tayala linawapana mwendo ku nsanamira. Woyendetsa atamva kugunda anatsika, ataona anangokhala pansi n'kugwira mutu, osatha ngakhale kuisuntha, mpaka anachita kukwera munthu wina. Sekuru sanalire ayi. Anangopempha madzi, n'kumauza anthu kuti asamukalipire woyendetsayo, mwana wa eni ake. Ambulansi inachedwa, tinawanyamula pa galimoto ya katundu, ine nditawagwira mutu, magazi akudutsa pa matumba amene tinawayalira. Kuchipatala anawadula mwendo m'munsi mwa bondo.

M'mawa mwake tinapeza alamu ikulira mokweza, nyale yatsopano ikuwala, ndipo palibe anafunsa kuti anatseka ndani. Woyendetsa sanabwererenso pantchito.

Patatha mwezi ndinapita kukawaona ku Highfield kumene ankachita lendi, ndi mtima woti ndikaulule. Ndisanayambe, iwo anayamba kundifotokozera zawo. Anati masabata aja anazindikira kuti alamu sakuimvanso, koma ankaganiza kuti makutu awo ndiwo atheratu, ndiye anabisa poopa kuti akanena awachotsa ntchito. Anaseka pang'ono, n'kundifunsa ngati ana ali bwino. Ndinayankha kuti ali bwino, ndinatsanzika, ndinakalirira pa siteji ya makombi ku Machipisa. Anamwalira patapita zaka ziwiri ndisanawauze.

Ena kuntchito ankati linali tsoka lawo, ena ankati pali wina anawachita chipongwe. Ine sindikhulupirira zimenezo. Panalibe wamatsenga pamene paja, tinali ife tomwe, anthu abwinobwino amene tinangofuna kuti mutu usatiwawe. Choncho inu amene mumagwira ntchito ku Msasa, ku Southerton kaya kulikonse kumene makinawa amayenda, alamu ikamakusokosani isiyeni isokose, ndipo nyale ikapsa kanani kuti galimotoyo iyende, ngakhale kapitawo akalipe. Pansipo pangakhale munthu amene akubisa kuti sakumva, ndipo mukadzamuona ali m'njira mudzakuwa ngati ine, koma sadzatembenuka.