Kalipentala Amene Ankazonda Mabenchi

Bambo amene tawaika m'manda mwezi wathawu ambiri sitinkawadziwa dzina, tinkangoti a Kalipentala. Anabadwira m'banja losauka, sukulu anailekeza panjira n'kukaphunzira kupala matabwa kwa amalume awo. Ali ndi zaka makumi awiri analembedwa ntchito pa koleji, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kukonza mabenchi a m'tchalitchi cha ophunzira.

Tchalitchicho anachikonda ngati nyumba yobadwiramo. Munali mabenchi olemera makumi awiri ndi anayi, guwa losema ndi manja, limba lopopa ndi mapazi, ndi belu. M'mawa uliwonse asanagwire chida ankagwada kumbuyo, utuchi uli m'tsitsi.

Patapita zaka ophunzira anachuluka, malo anachepa. Tchalitchi chinasanduka cholemberamo mayeso, kenako laibulale. Limba linadyedwa ndi chiswe mosungira katundu, belu linapita kusukulu ina, ndipo guwa palibe akudziwa kumene linalowera. Mabenchi anagawidwa: ena kuchipatala, ena pokwerera basi, ena pakhonde la telala, ena kwina.

A Kalipentala analira, sitibisa. Anapita kwa mkulu wa koleji chipewa chili m'manja.

"Bwana, nanga anthu azipemphera kuti?"

"Mulungu ali paliponse, bambo," anayankha mkuluyo.

"Zoona, bwana. Ndiye poti mabenchi akenso apita paliponse, ndiziwatsatira komweko."

Ndipo anachitadi. Loweruka lililonse ankamanga nyundo, guluu ndi kansanza panjinga n'kukazonda mabenchi aja limodzi ndi limodzi. Akamaliza kukhoma ankatembenukira amene wakhalapo n'kunena kuti, "Pepanitu, mwakhala pa mpando wa tchalitchi. Tisanyamuke osapemphera." Anthu ankayamba aseka, kenako n'kutsinzina. Amayi odikira dokotala anazolowera kuwasiyira malo. Ngakhale makondakitala, anthu osadziwa kutseka pakamwa, ankavula zipewa.

Akazi awo ankakonda kuwaseka pamaso pa alendo: "Anzanga amuna awo anawalanda ndi mowa. Ine wanga anandilanda ndi mabenchi!" Komabe kansanza kaja ankachapa ndi iwo omwe.

Mayesero sanawalambalale. Akazi awo aja anatsogola, iwo maso anayamba kuchita khungu, njinga anaisiya n'kumayenda wapansi. Tsiku lina anapeza benchi lina litawazidwa nkhuni. Sanakalipe, anangotola misomali yake n'kubwerera. Chimene chinkawadya mumtima anauza mwana wawo wamkazi yekha: "Ndikapita ine, awa adzangokhala matabwa."

Anatisiya Lachisanu m'mawa, mwana wawoyo akuwawerengera Salimo. Mawu awo omaliza anali akuti, "Benchi la kuchipatala likugwedera mwendo, mawa undikumbutse." Atatero anagona ngati munthu amene waweruka bwino.

Mwanayo anapempha kuti thupi lidzere m'tchalitchi chakale chija. Mkulu watsopano wa koleji analola, koma anadandaula kuti mipando ndi yochepa. Sanadziwe kuti uthenga wafika kale kutali. Dzuwa litangokwera, anamwino anatulukira pachipata atanyamula mabenchi, makondakitala anabweretsa awo pamwamba pa basi, telala anafika thukuta kamukamu, lake lili pamutu. Anakwana khumi ndi asanu ndi atatu. La kuchipatala lija anamwino anali atalikhoma okha. Misomali inali yokhotakhota, moti mwini wake akanaona akanapukusa mutu, koma silinagwedere.

Mashelefu a mabuku anakankhidwira kukhoma, anthu anadzaza mpaka pakhonde. Woyang'anira laibulale, mayi amene kwa zaka zambiri ankakalipira aliyense wotsokomola m'chipindamo, ndi amene anayambitsa nyimbo, mokuwa kuposa tonse. Tinalira, koma kunena zoona tinasangalala kwambiri.

Pochokera kumanda aliyense anasenza benchi lake kubwerera nalo. Telala yekha anatsalira, akuzengereza pafupi ndi mwana wa malemu.

"Achemwali," anatero, "kukhoma sindidziwa, dzanja langa linazolowera singano. Komabe ndibwerekeni nyundo ya bambo. Loweruka lisapite pachabe."