Mwala Umene Tinakautenga ku Blantyre

Tinanyamuka pa Neno Boma Lachiwiri m'mawa, m'nyengo ya manachesi, ine ndi amalume anga a Yonasi. Kwa miyezi isanu iwo anali kuvutika potaya madzi, ndipo abale anali atagamula kale kuti akazi awo, a Nambewe, ndiwo anawalodza. Mayiwo anauzidwa kuti azipita kwawo akangotha kukolola.

Tinakwera lole yonyamula mbatata ya kachewere, mtengo wake matambala makumi asanu ndi atatu munthu mmodzi. Kumbuyo kwake kunalembedwa mwambi m'Chichewa chopunduka, chimene sindingachibwereze pano. Anyamata a chipani ataona makadi athu a chipanicho, tinayamba kutsika mapiri. Fungo la fumbi losakanikirana ndi makoko a manachesi ndimalimvabe mpaka lero.

Amalume anaimitsa galimoto kanayi tisanafike pa Lisungwi.

"Madala, kodi mwamwa mtsinje wonse?" anatero woyendetsa.

"Mwana wanga, ukadatuluka mtsinje ndikadathokoza. Akutuluka ndi madontho."

Anthu onse anaseka, koma ulendo wachisanu woyendetsayo anaima yekha osauzidwa.

Pa Lisungwi tinafika masana. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa atamva za matendawo, anatilozera kwa sing'anga wa mizu yosungunula miyala. Amalume anathokoza mwaulemu, nanena kuti mizu anali atamwa yokwanira kumangira nkhokwe. Lole inathera pomwepo, choncho tinakwera basi n'kuwoloka Shire pa Zalewa, ndipo dzuwa lisanalowe tinali mu Blantyre.

Lachinayi dokotala wa pachipatala chachikulu anationetsa chithunzi. M'chikhodzodzo munali mwala. Iye anati njira zinalipo ziwiri: kulowetsa kachitsulo m'njira ya mkodzo ndi kuuphwanya mwalawo kuti utuluke ngati mchenga, kapena kung'amba pamimba ndi kuuchotsa wathunthu. Yoyamba munthu amachira msanga. Yachiwiri inali ya bala ndi masiku ambiri pabedi, ngakhale kuti pamwala wa msinkhu umenewo nayonso inali yoyenera.

Ine, monga mphunzitsi wodzimva kuti ndi wozindikira, ndinawalangiza yoyamba.

"Kodi mchengawo adzandipatsa?" anafunsa amalume.

"Umapita ndi madzi, amalume."

"Nanga anthu aja ndikawaonetsa chiyani? Ndikakawauza pakamwa pokha adzati a Nambewe amasula okha mankhwala awo poopa kuthamangitsidwa. Auze adokotala ang'ambe. Bala ndi langa, koma manyazi asenza ndi mayi aja."

Dokotala anafunsa kawiri ngati amvetsa, kenaka anawadinditsa chala papepala lovomereza.

Tinabwerera patapita masabata awiri, palole yomweyo kuchokera pa Lisungwi, ndipo sitinaime ngakhale kamodzi. Mwalawo, waukulu ngati dzira la nkhunda, unali m'kabotolo m'thumba la jekete yawo, ndipo aliyense palolepo anaugwirako. Woyendetsa anati akanadziwa akanalipitsa atatu.

Madzulo a tsiku lomwelo amalume anaitanitsa alongo awo onse, mayi anga ali pomwepo, nauika mwala uja pamphasa. Unayenda m'manja mwa onse. Potsiriza mayi anga anaimirira, nalowa m'nyumba, nakamasula okha mtolo wa zovala umene a Nambewe anali atamanga.

Onsewo anatisiya kale, ndipo malole aja sakuonekanso pamsewu wathu. Kabotolo ndili nako ine. Ndinapita ku Blantyre ndikuganiza kuti wodwala anali mmodzi. Amalume ankadziwa kuti ofunika kuchira anali awiri.