Utsi wa M'khitchini mwa Apongozi Anga

Chaka chimene ndinayamba digiri yachiwiri ya unamwino, ndinali nditagwira kale ntchito nthawi yaitali pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Mayani. Jakisoni ndinkabaya mwana asanaganize zolira. Sukuluyo inali kutauni, choncho ndinkanyamuka Lolemba m'mawa n'kubwerera Lachisanu pa minibasi. Ana ankatsala ndi bambo awo komanso agogo awo, amayi a amuna anga, amene nyumba yawo inali kuseri kwa yathu.

Phunziro limene linatitulutsa thukuta linali la momwe matenda amaonongera thupi m'kati. Aphunzitsi ake anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, amene sankakhutira ndi yankho loyamba. Ukanena kuti wodwala mtima amatupa miyendo, ankafunsa chifukwa chake. Ukafotokoza, ankafunsanso chimene chimayambitsa chimenecho, mpaka ife anthu akuluakulu, ena a imvi kale, tinkangoyang'ana pansi. Tikatuluka m'kalasi tinkasekana mpaka misozi.

Tsiku lina tinafika pa mapapo. Anatiuza kuti munthu akamapuma utsi kwa zaka zambiri, tinjira ting'onoting'ono ta mpweya timatupa ndi kufooka. Mpweya umalowa ndithu, koma potuluka tinjirato timatsekeka msanga, wakalewo n'kutsalira m'kati. Wodwalayo amayesa kuti akulephera kukoka mpweya, pomwe chavuta ndi kuutulutsa. Anzanga ankalemba za fodya. Ine maganizo anga anathamangira kukhitchini kwa apongozi anga.

Apongoziwo ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa zogulitsa tsiku la msika. Khitchini yawo inalibe zenera, ndipo chitseko ankachitseka, pakuti mphepo ya kwathu m'miyezi yozizira imalowa mpaka m'mafupa. Ankasonkhezera zidutswa za paini zotsala kwa ocheka matabwa, zimene zimayaka msanga koma utsi wake ndi wakuda bii. Kutsokomola anayamba kalekale. Makhololo tinayeza kangapo, chifuwa chachikulu osapezeka. Pa chitunda chopita kutchalitchi ankaimaima, akunamizira kuyang'ana mbatata m'minda ya eni, ndipo kukwaya anali atasamukira mzere wakumbuyo chifukwa mawu ankawathera nyimbo ili pakati.

Kudziwa ndinadziwa, koma kwathu mkazi sungangodzuka n'kukauza amayi a amuna ako kuti khitchini yawo ndiyo ikuwadwalitsa. Ndinatuma mwana wawo, amuna angawo. Anapita molimba mtima, anakhalitsa, n'kubwera atanyamula mandasi m'mbale. Nditawafunsa momwe nkhani yayendera, anati amayi anali otanganidwa, ndiye anangokambirana za feteleza.

Lamulungu lake ndinachita dala kuwanyamulira buku lawo la nyimbo kuti tiyende limodzi. Ataima koyamba pachitunda paja ali wefuwefu, ndinaima nawo n'kuwapempha kuti ayeseko kanthu kamene ndaphunzira kusukulu. Ndinawaonetsa kukoka mpweya ndi mphuno, kenaka kusongola milomo n'kuutulutsa pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali kuposa pokoka. Kupuma koteroko kumathandiza kuti tinjira tija tisatsekeke msanga.

Anandiyang'anitsitsa kenaka anati, "Anesi, sukulu yonseyi mwapitira kukaphunzira likhweru? Ine msinkhu uno ndiziimba likhweru pamsewu, anthu aziti chiyani?"

"Iyayi amayi, si likhweru. Muzichita ngati mukuuzira tiyi wotentha."

Za tiyizo anazivomera. Anayang'ana uku ndi uku kuti pasapezeke wowaona, n'kuyamba kuuzira. Tinakwera chitunda chonsecho tikuuzira tiyi wosaoneka, ine kutsogolo iwo pambuyo. Titafika pamwamba anandilanda buku lija n'kulowa m'tchalitchi mwandawala.

Madzulo a tsiku lomwelo anandiitana okha kukhonde kwawo kuti ndiwafotokozere bwinobwino. Apa ndi pamene ndinathokoza aphunzitsi anga aja, chifukwa apongozi nawonso sankakhutira ndi yankho limodzi. Anafuna kudziwa kuti utsi umafika bwanji kumeneko, ndiponso chifukwa chiyani mapiritsi onse amene anamwa sanathetse chifuwacho. Ndinawauza zoona, kuti zimene zinaonongeka sizingabwerere, koma zotsalazo tingaziteteze. Kenaka ananena kuti mayi awo nawonso ankatsokomola chimodzimodzi. Sabata yotsatira tinapita kuchipatala cha kuboma, komwe adokotala anawapima n'kutsimikiza, ndi kuwapatsa mankhwala opopera m'kamwa.

Nkhondo inali pa zenera. Amuna anga anaboola khoma la khitchini, n'kuika felemu yokongola ndithu. Nditabwera Lachisanu lotsatira ndinapeza pazenerapo atatsekapo ndi thumba la chimanga ndi chitenje chakale. Apongozi anati mphepo inkawalowa m'khutu komanso mandasi sankafufuma. Ndinachotsa thumbalo mwaulemu, iwo n'kulibwezera mwaulemunso ine nditachoka. Tinachita zimenezi mwezi wonse wa Juni, popanda wotchula nkhaniyo.

Mapeto ake, amene anabwera ndi nzeru ndi iwo omwe. Anati ngati vuto ndi utsi, tiwamangire chisakasa kuseri kwa nyumba, mbali imene mphepo siwomba, chokhala ndi khoma lofika m'chiuno. Tinamanga, tinawagulira mbaula yadothi yosadya nkhuni zambiri, ndipo ine ndinawonjezera juzi yochindikala ya pa kaunjika ndi chipewa chaubweya. Chinawakondweretsa kwambiri n'chakuti ali pachisakasapo ankaona aliyense wodutsa m'njira, ndipo ambiri ankapatuka kudzagula mandasi ali otentha. Chifuwa sichinathe, koma chinachepa, ndipo pofika nyengo ya mvula ankagona osadzukadzuka.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti apongozi asanduka dokotala wa mudzi wonse. Aliyense wotsokomola ankamuitana, n'kumufunsa ngati khitchini yake ili ndi zenera, kenaka n'kumulamula kuti adzandione Loweruka. Loweruka lililonse ndinkapeza azimayi atandandalika pamphasa pakhomo panga, ine mayeso ali pafupi.

Mmodzi mwa iwo anali mayi wina wa kutsidya, woonda, amene anandiuza kuti amatuluka thukuta pogona ndipo chakudya sichikumukoma. Apongozi anali atamutsimikizira kale kuti ndi utsi basi. Ine ndinaona kuti zizindikiro zake zikuloza kwina, ndipo ndinamutumiza kukayezetsa makhololo Lolemba lomwelo. Anamupeza ndi chifuwa chachikulu, anayamba mankhwala, ndipo patapita miyezi anachira n'kunenepa.

Ndinkaopa kuti apongozi akhumudwa, koma ayi ndithu. Anandifunsa mafunso ambirimbiri za kusiyana kwa zifuwa ziwirizi, akusenda mbatata, ine ndikuyankha ndikuchapa yunifolomu. Kuyambira pamenepo, asanafunse za zenera ankayamba ndi thukuta ndi kuonda. Mayi wa kutsidya uja apongozi ankamupatsira zitumbuwa tsiku lililonse la msika, ati anenepe msanga, mpaka anamaliza mankhwala ake.