Udzu Umene Isabella Anauyanika Ngati Fodya

Inu amene mwagwa mphwayi, mukuti dziko lakukanani, khalani pansi ndikuuzeni za Isabella Chavula wa ku Mhuju, m'chigwa cha Henga.

Tsiku lina m'mwezi wa June, mtsikanayu anaima pakhomo la kuseri kwa lesitilanti ina ku Mzuzu, matumba atatu ali pamapazi pake, misozi ikulengeza m'maso. Lesitilantiyo ndi ija yokhala ndi nthambi m'mizinda ingapo, yophika zakudya za ku Thailand ndi ku Vietnam. Wophika wamkulu, mayi wa ku Zomba dzina lake Nelly, anali atangomasula thumba loyamba n'kupukusa mutu.

"Achemwali, awatu ndi masamba a tiyi. Tsinde lake lili kuti?"

"Tsinde?" anatero Isabella. "Ndinadula n'kutaya kudzala."

Kuti mumvetse kuwawa kwa mawu amenewa, muyenera kudziwa kumene anachokera. Bambo ake, a Amock Chavula, ndi mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Ana awo wina ndi namwino, wina mphunzitsi, wina kalaliki. Isabella yekha ndiye analemba mayeso a Fomu 4 kawiri, kawiri konseko dzina lake osatuluka. Kutchalitchi anthu ankamupatsa moni wachisoni ngati wa pamaliro.

Bambo aja anagamula kuti Isabella apite ku Lilongwe akalere ana a azakhali ake, ndipo dimba limene ankalima malemu amayi ake lipite kwa msuweni wake Jimmy kuti alimemo fodya. Isabella ankalikonda dimba limenelo kuposa chilichonse. Anagwada n'kupempha chaka chimodzi chokha, ndipo bambo ake analola. Anali ataona uthenga pafoni woti lesitilanti ija ikufuna lemonigirasi wambiri, udzu wonunkhira mandimu uja timathothola kuseri kwa nyumba n'kuponya mu tiyi.

Anaubzala dimba lonse, ndipo unakula bwino. Koma mwana wa ku Henga anakulira m'fodya, ndipo fodya anamuphunzitsa chinthu chimodzi: tsamba ndiye chuma, tsinde ndi zinyalala. Ndiye anamweta udzu uja, kudula matsinde onse, kuyanika masamba m'chigafa, kusankha obiriwira padera ofiirira padera, n'kumanga timitolo tokongola. Milungu itatu ya thukuta. Ntchito inali yaukhondo zedi, kungoti inali ntchito yolakwika.

Nelly anayamba waseka, koma ataona nkhope ya mtsikanayo chiseko chinathera pakhosi.

"Mwadya kanthu chichokereni kwanu?"

Isabella anapukusa mutu. Nelly anamugwira padzanja n'kumulowetsa mkati, kumukhazika patebulo pakati pa anthu a m'mabanki ndi ana a sukulu za ukachenjede. Chibadwire Isabella anali asanadyepo pamalo otere. Anabisa mapazi afumbi pansi pa mpando. Atamupatsa timitengo tiwiri todyera, anatitembenuza uku ndi uku, kenaka n'kunong'ona kuti, "Supuni muli nayo?"

Inabwera mbale ya msuzi woyera wa nkhuku ndi kokonati, wowawasa pang'ono, tsabola wake wosachita kufunsa. Anapumira m'mwamba, misozi n'kugwa, ndipo anathokoza tsabolayo chifukwa tsopano akanatha kulira popanda womufunsa. Nelly anavuula mumsuzimo kachidutswa ka tsinde koyera, konenepa ngati chala chachikulu.

"Timagula ichi. Chikhale chachiwisi, chonenepa chonchi. Timachiphwanya n'kuphikira, fungo lonse mukulimvali likuchokera umu."

Isabella anakulunga kachidutswako m'pepala n'kukaika m'chikwama. Matumba aja anabwerera nawo pa minibasi, ndipo njira yonse anthu ankangofunsana kuti wanyamula mandimu ndani.

Kunyumba bambo ake anamvetsera nkhani yonse osamudula. Pomaliza anavula magalasi.

"Chaka chija chatha, mwana wane."

Isabella anamasula pepala lija n'kuika kachidutswa patebulo.

"Adada, mayeso ndinalephera kawiri osadziwa pamene ndinalakwa. Apa pokha ndikudziwa."

A Chavula anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu. Mwana wolakwa ankamukalipira, koma mwana wodziwa pamene walakwa sanamubwezepo pakhomo la kalasi. Anavalanso magalasi aja n'kugamula.

"Mpaka Khirisimasi. Osapitirira."

M'mawa mwake Isabella anazula zitsa zonse. Anazigawa, n'kubzalanso motalikitsa kuti tsinde lipeze malo onenepera. Anatuta manyowa a mbuzi pamutu. Dzuwa la mu October litafika, lija limaphwetsa ngakhale nkhuku, iye anali pakati pa mtsinje ndi dimba ndi khenu, chitini chothirira chija, m'manja, kukwera n'kutsika mpaka zikhatho kuchita matuza. Jimmy akamadutsa panjinga sankalephera kuponya mawu.

"Msuweni, anzako akupalira udzu, iwe ukuthirira udzu!"

Ng'ombe za oyandikana nawo zinalowa tsiku lina n'kupondaponda mizere isanu. Analira, kenaka anapita kukadula minga n'kutchinga dimba lonse. Mu November anatumiza kamtolo ku Mzuzu kuti akaone. Nelly anaimba foni: "Akadali owonda. Dikirani milungu inayi." Milungu inayiyo inkathera pafupi penipeni ndi tsiku limene bambo ake anaika. Komabe m'mawa wotsatira ananyamulanso khenu.

Pa 18 December anatsika minibasi ku Mzuzu ndi matumba awiri a matsinde oyera, onenepa, onyowa ndi mame. Nelly anathyola limodzi, ananunkhiza, n'kufuula kuitana anzake a kukhitchini kuti adzaone. Anatenga onse, ndipo anamuuza kuti azibweretsa sabata iliyonse, ena azitumiza kunthambi za ku Lilongwe.

Isabella sanathamangire kukadzitama. Anangopempha bambo ake kuti amuperekeze ku Mzuzu akadye nkhomaliro. A Chavula anavala suti yawo ya Lamulungu, tayi ndi chipewa, ngati akupita kumsonkhano wa sinodi. Atafika anawerenga mndandanda wa zakudya ndi nkhope ya munthu wochonga mayeso, koma maina ake anawakanika, mphunzitsi wonse uja. Chakudya chitabwera, pemphero lawo linatalika mpaka msuzi kusiya kufuka nthunzi.

Anamwa supuni yoyamba, n'kutsokomola, n'kupukuta thukuta. "Ukuwawa chomene," anatero, koma supuni sanaiike pansi. Kenaka anavuula kachidutswa ka tsinde n'kuyamba kutafuna. Chinthucho n'cholimba, chaulusi, sichimezeka. Anatafuna, anatafuna, nsagwada zikuchita kulira. Nelly anafika akuthamanga.

"Pepani bambo, chimenecho sitidya ayi. N'chonunkhiritsa chabe, mumangochiika pambali."

A Chavula anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, walima ichi ndi mwana wanga. Ndidya."

Ndipo anamezadi, maso ali psuu. Atamwera madzi anatembenukira kwa mwana wawo, amene anali atagwira pakamwa, osadziwa kuti aseke kapena alire.

"NyaChavula, dimba lija ndi lako. Abale onse ndiwauza ndekha tikaweruka kutchalitchi."

"Yewo, adada," anathokoza Isabella.

Ine nkhaniyi imandikhudza nthawi zonse ndikamaikamba. Lero Isabella akulimanso jinja ndi tsabola, ndipo amayi anayi a m'mudzimo amagwira naye ntchito. Ku Lilongwe anapitako ndithu, koma anakaona kumene kumapita katundu wake.

Ndiye inu amene mwabwezedwa pakhomo ndi matumba anu, musathamangire kunena kuti ndinu wolephera. Mwina mphamvu muli nazo, khama muli nalo, mwangoyanika chinthu chofunika chachiwisi. Funsani pamene mwalakwa, mupaone ndi maso anu, mubwerere kumunda. Osataya mtima, abale anga, dzukani mukathirire.