Mpando wa Pansi pa Dzina la Colin

Ku Corrabin palibe amene samudziwa Lindsay Pratten, ngakhale ambiri amangodziwa mawu ake. Tsiku lililonse ikakwana sikisi koloko madzulo, magetsi a m'kalabu yathu ya asilikali akale amazilala, makina a njuga amati zii, ndipo aliyense amaimirira n'kuyang'ana kolowera dzuwa, wa mowa atagwira tambula yake, wa nsomba ndi tchipisi atasiya foloko m'mbale. Pamenepo ndi pamene Lindsay amanena mawu okumbukira anzathu amene sanabwereko kunkhondo, ndi liwu lake losasa lija. Akamaliza pamakhala bata la mphindi imodzi. Kenako magetsi amayakanso, makina n'kuyambiranso kulira kwawo ngati panalibe chomwe chachitika.

Ndi mkulu wamtali, wowerama pang'ono, wa bondo limodzi losamva malangizo. Amakonda kunena kuti pa moyo wake wonse anapambanapo mpikisano umodzi wokha. Ali mnyamata wa zaka makumi awiri, boma linkasankha opita ku usilikali pochita maere: timipira toimira masiku obadwa tinkaikidwa mumgolo, wina n'kupisa dzanja. Kampira ka tsiku lake kanatuluka. Tsoka lake, tsiku lobadwa lomwelo linalinso la Colin Madsen, mnzake wa kuseri kwa mpanda, amene ankaba naye mapichesi ndi kulandira naye zikoti. Anthu anawatcha mapasa a mumgolo. Anapita limodzi ku Vietnam, koma wobwerako anali mmodzi.

Dzina la Colin lili pa chimbale cha mkuwa cha maina a asilikali ofera kunkhondo, chomwe chinamatidwa pakhoma la kolowera dzuwa. Kale chipinda chimenecho chinali chochezera, madoda akusewera makhadi ndi kunamizana za nsomba zomwe anaphonya. Kalabu itakula, akuluakulu anaona kuti ndicho chipinda chabwino choikamo makina. Khoma silinasunthe, chimbale sichinasunthe, anangondandalika makina m'munsi mwake n'kuika chitseko cha galasi losaonekera mkati. Lindsay sanadandaule. Ankalowabe masana aliwonse ndi kansalu kake kachikasu, n'kupukuta dzina la mnzake mpaka liwale, akumuuza za mpira ndi za mvula imene yakana kugwa.

Mavuto anayamba Beryl, mkazi wake, atamwalira. Kunyumba kunalibenso womufunsa kuti wachedwa kuti. Akapukuta dzina lija, bondo linkapempha mpumulo, ndipo pansi penipeni pa Colin panali makina okhala ndi mpando wawofuwofu. Lindsay ndi munthu wamanyazi, sakanakhala pa mpando wa eni ulele. Anaponyamo khobidi ngati lendi, n'kudina batani lofiira. Makina anaimba, anathwanima, n'kumulavulira ndalama zokwanira kugulira mowa tebulo lonse. Tinamuombera m'manja tsiku limenelo, zitsiru ife, osakumbukira kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kuyambira pamenepo kansalu kankagwira ntchito kanthawi kochepa, chala n'kugwira ntchito masana onse. Penshoni ikalowa Lachinayi, pofika Lolemba inali itapita. Wina akamuseka ankayankha kuti, "Ndikucheza ndi Colin, amwene. Kodi kucheza ndi mnzako ndi mlandu?" Ndipo mwina iye mwini ankakhulupirira zimenezo.

Amene anaona kuti zinthu zafika poipa anali Renae Kostic, mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, amene anakamenya nawo nkhondo ku Afghanistan n'kubwerako ndi tulo tochepa ndi pakamwa posabisa mawu. Iyeyu ndi amene amayendetsa galimoto ya kalabu yogawira chakudya asilikali okalamba. Tsiku lina atatsegula furiji ya Lindsay kuti aikemo mbale ya nyama ndi mbatata, anapeza muli botolo la sosi ndi theka la anyezi basi. Anayang'ana kukhoma komwe kunkakhala wotchi ya Beryl, n'kuona msomali wokha.

"Mdala, wotchi ija ili kuti?"

"Ili kokonzetsa."

"Nanga makina otchetchera kapinga? Nawonso adwala?"

"Iwe mwana, unali msilikali kapena wapolisi?"

Renae sanaseke. Chomwe chinamuwawa kwambiri n'chakuti mbale ya chakudya imene anali atanyamulayo inagulidwa ndi phindu la makina omwewo.

Chaka chimenecho opanga malamulo anapempha magulu a asilikali akale kuti apereke maganizo pa lamulo latsopano, loti munthu aziikiratu malire a ndalama zomwe angaluze pa makina. Renae ndi anzake achinyamata ankafuna kalabu yathu ilivomereze. Noel Fenwick, wapampando wathu, ankati limenelo ndi lamulo lotseketsa makalabu. Noel si munthu woipa, ndinene zoona. Ndi iye amene amayenda khomo ndi khomo wina akagonekedwa m'chipatala. Koma akaimirira pa msonkhano amaiwala kuti anatuluka usilikali kalekale.

"Mukuti tichepetse makina, chabwino," anatero Noel pa msonkhano wa mamembala. "Basi yopita kuchipatala ija imayendera mapemphero? Maliro a mnzathu Dougie tinalipira ndi chiyani, mabatani a malaya?"

"A Noel," anayankha Renae, "munthu mukumuvula nsapato Lachiwiri, Lachisanu n'kumupatsa masokosi, ndiye mukufuna akuvinireni?"

Holo yonse inaphulika, ena kuseka, ena kukuwa. Noel anasakasaka womuthandiza ndipo maso ake anagwera pa Lindsay. "Pratto, tawauza anawa. Timakina tokuthandiza kumva ta m'makutu mwakoto anakugulira ndani? Si kalabu ino?"

Renae anangomuyang'ana mkuluyo ndi maso a munthu amene anaona m'furiji muja. Lindsay anaimirira movutika. Onse awiri ankanena zoona, ndipo zoona zonse ziwirizo zinali pathupi pake, china m'makutu, china m'mimba.

"Ine ndimangopukuta dzina la Colin," anatero, n'kukhala pansi.

Ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Nkhani ya lamulo inatumizidwa ku komiti, komwe nkhani zathu zonse zimakagona.

Koma m'mawa mwake Lindsay anamuimbira foni Renae. Pali njira yakale yomwe munthu amadziletsa yekha kulowa m'chipinda cha makina: amamujambula chithunzi, kamera ya pakhomo n'kuloweza nkhope yake, ndipo akangoponda mkati, ogwira ntchito ayenera kumutulutsa. Lindsay anavala tayi ngati akupita kukhoti, napita kukalabu kukadziletsa. Anasankha chaka chathunthu, namwetulira pojambulidwa, ndipo Renae anamukumbatira mpaka timakina ta m'makutu tinalira. Anadya nkhomaliro mosangalala, mtima uli m'malo. Kenako anatulutsa kansalu kachikasu m'thumba n'kulunjika ku chitseko cha galasi monga mwa masiku onse.

Gail Whitty, mayi woyang'anira chipinda chija, anamutchingira njira. "A Lindsay, pepani. Simungalowe."

"Sindikukasewera ayi, mwanawe. Ndikukangopukuta."

"Ndikudziwa. Koma kamera ija sidziwa kansalu. Mukalowa, ntchito yandithera."

Apa m'pamene zinamulowa m'mutu. Palibe anaganizako, ngakhale Renae ndi nzeru zake zonse. Podzitsekera kunja kwa makina, anali atamutsekera Colin mkati.

Anapita kwa Noel kukapempha kuti chimbale chisamutsidwe. Noel anakanda m'mutu, nati chinamatidwa ndi simenti kuyambira kalekale, ndipo pali mabanja ena a maina a pamenepo oyenera kufunsidwa. "Tikambirana ku komiti, amwene. Koma ukanandifunsa kaye usanadzimange wekha chingwe." Anapita kwa Renae. Renae anakwiya m'malo mwake, koma m'maso mwake munawala chinachake. "Mdala, nkhani yanuyi ndi imene opanga malamulo ayenera kumva. Dzina la msilikali wakufa lazunguliridwa ndi makina a njuga, mnzake sangalifikire! Chisachoke msanga chimbalecho, tichijambule kaye, mupite nafe mukalankhule." Lindsay anabwerera kunyumba wapansi, akumva ngati fupa lomwe agalu awiri akulimbirana. Iye sankafuna kukhala umboni wa munthu. Ankangofuna kupukuta dzina.

Miyezi inapita. Furiji inayamba kudzaza, masaya anabwerera, anthu n'kumamuyamikira kuti wachira. Koma masana aliwonse ankakhala pa tebulo loyandikana ndi chitseko cha galasi, tiyi akuzizira, khutu lili tcheru. Chitseko chikatseguka ankasuzumira. Tonse tinkamumvera chisoni, tikuti taonani mmene akumusowera mnzake. Gail ankati akapeza mpata amapukutako ndi thaulo la m'bala, koma Lindsay ankangopukusa mutu, akuti thaulo lonyowa limadetsa mkuwa.

Tsiku lobadwa la mapasa a mumgolo litayandikira, Gail analephera kupirira. Anakambirana ndi Noel, ndipo Noel anati pa mphindi ya bata makina amakhala ozimitsa, choncho iye saona vuto, ndipo ngati kamera ili ndi mafunso ikamufunse iyeyo. Renae anavomera kunena mawu a chikumbutso m'malo mwa Lindsay. Aka kanali koyamba kuti awiriwo agwirizane chinthu chaka chonsecho.

Sikisi koloko inakwana. Magetsi anazilala, makina anati zii, tonse tinaimirira n'kuyang'ana kolowera dzuwa. Gail anatsegula chitseko cha galasi n'kuchigwirizira ndi phazi. Popeza kumeneko n'komwe tinkayang'ana, holo yonse inamuona Lindsay akulowa, atavala jekete ya mamendulo, akukoka bondo lake pa kapeti yamaluwa ija. Renae anamaliza mawu, bata linagwa. Ena a ife misozi inali itayamba kale kulengeza.

Anafika pakhoma. Dzina la Colin linali pamwamba pang'ono pa mutu wake, litachita dzimbiri lobiriwira m'mbali mwa zilembo. Lindsay anaima, natulutsa dzanja lamanja m'thumba. Dzanjalo silinakwere. Linatsika lokha, mwachizolowezi, ngati ng'ombe yodziwa khola, ndipo chala chinadina batani lofiira la makina ozima aja. M'bata limenelo kaphokoso kake kanamveka mpaka ku bala. Chinadinanso kachiwiri.

Kenako anayang'ana chala chakecho ngati n'cha munthu wina. Kansalu kachikasu kanali kakusuzumirabe m'thumba lamanzere. Noel anaweramitsa mutu, Renae anatseka maso. Ine ndinalakalaka magetsi asayakenso, kuti mkuluyo asaone nkhope zathu, koma mphindi ndi mphindi basi. Magetsi anayaka, makina anayamba kuimba momuzungulira, ndipo Gail anamugwira pamkono mofatsa n'kumutulutsa.

Pakhomo anaima, napereka kansalu kaja kwa Gail.

"Kouma," anatero. "Uzipukuta ndi kouma. Ukamuuze Colin kuti ndinabwera."

"Mungayesenso mawa, a Lindsay. Tidzatsegulanso."

"Ayi, mwanawe. Miyezi yonseyi ndakhala pa tebulo ilo ndikuti ndikusowa Colin." Anayang'ana galasi lija, lomwe tsopano linkathwanima mitundumitundu. "Musadzanditsegulirenso."

Mpaka lero chimbale chikadali pomwepo, komiti ikukambiranabe, ndipo Renae akulemberabe opanga malamulo. Lindsay amabwera masana aliwonse, amakhala pa tebulo lomwe lija, chifukwa m'tauni muno mulibe kwina komwe amamudziwa dzina. Sikisi koloko ikakwana amaimirira n'kunena mawu aja osaphonya ngakhale limodzi, atayang'ana chitseko chotseka. Chaka chake chodziletsa chikutha mwezi wa mawa. Noel anamufunsa ngati adzawonjezere china, ndipo iye anati sakudziwa. Akawonjezera, Colin sadzamuonanso. Akapanda kuwonjezera, akudziwa bwino lomwe kumene dzanja lake lidzapite.