Mabawuti a Njanji m'Kabudula wa Sikelo

Ndine ndinathetsa kunyentchera kwa ana ku Nangongwe, komboni ya ku Kafue, m'mawa umodzi wokha. Lipoti lilipo. Sindinama, ndine wopemphera.

Ndinali volontiya, wodzipereka pa sikelo ya ana. Bungwe lina lakunja linkatipatsa chiponde cha m'timapaketi choti tizigawira ana owonda, ndipo ife linatipatsa njinga. Tsiku lina ba sista, nesi wotiyang'anira, anatiitana. "Mawa kubwera alendo kudzaona ngati thandizo lawo likugwira ntchito. Ana akapezeka osanenepa, njinga mubweza."

Njinga yanga inkagona pabedi, ine pansi. Funsani aliyense.

Vuto linali kamwana ka mayi wina wogulitsa tomato pasiteshoni. Kanali kopepuka moti ukakakoleka pa sikelo, muvi unkabwerera m'mbuyo. Ndinaona ndi maso angawa. Kunyumba tinali ndi chitini cha mabawuti amene atate anachoka nawo ku njanji m'malo mwa penshoni. Ndinasokerera anayi m'kabudula wa sikelo, uja timaveka mwana pomukoleka. Kabudulayo ndi mmodzi, choncho ana onse a m'komboni ananenepa tsiku limenelo.

Alendo anafika pa galimoto yoyera, ndi madzi awoawo m'mabotolo. Titakoleka kamwana kaja, muvi unalumpha. Wamkulu wa alendowo anawomba m'manja, mnzake akujambula. Mayi uja pokatsitsa anakhudza chitsulo.

"Ba volontiya, nanga ivi ni vichani?"

"Khalani chete, amake mwana. Awa akakondwa, chiponde chibwera pa lole."

"Zoona?"

"Pamaso pa Mulungu."

Pa chithunzi chachiwiri mayiyo anamwetulira.

Alendo anakondwadi. Kamwanako kanalembedwa kuti kachira, ndipo wochira salandira chiponde. Mayiyo anabwera Lachiwiri lotsatira, tsiku logawa, ba sista namuonetsa khadi. "Mwana wanu ni wonenepa, mayi. Onani apa." Iye anayang'ana ine. Ine ndinali kupopa njinga, yomwe inali yopopa kale. Posakhalitsa bungwe lija linati Kafue wachira, n'kusamukira kwina.

Kamwanako tinakaika mvula isanayambe. Galimoto inasowa, ndiye bokosi linapita kumanda pa njinga yanga. Panjira ndinatembenuka kawiri kuona ngati lagwa. Linalipo.

Titakwirira, anthu akusamba m'manja, mayi uja anandigwira shati pang'ono chabe.

"Ba volontiya, lole ija ifika liti?"

Ndinati Lachiwiri.